Kodi njinga yapakaunjika ingapirire ku Dzalanyama ndi mumchenga wa ku Senga Bay?

Funso: Ndinagula njinga yakapalasa ya magiya 21 pakaunjika, matayala ake ndi a 26. Ndikufuna kuyamba kumapalasa m'nkhalango ya Dzalanyama, kenako patchuthi ndikayesenso m'mbali mwa nyanja ku Senga Bay. Koma nditaiyesa m'tinjira ta ku Malingunde, tayala lakumbuyo linaphwa kawiri tsiku limodzi, tcheni n'kumangogwa ndikafika pachikweza. Anzanga akuti njingayi ndi yachabe, ndigule ina. Kodi ndi zoona? Ndine wowerenga wanu wa ku Area 25.

Yankho: Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Chimene chingachititse njinga kukhala yachabe n'chimodzi, ndicho mng'alu pafulemu. Itsukeni bwino, muyang'ane padzuwa malo onse owotcherera, makamaka kunsi kwa khosi pamene palowa foloko ndi pamene palowa chitsulo cha chishalo. Mukapeza kamzere kakuda kopyapyala kamene sikachoka popukuta, kapena penti yotukuka mozungulira chitsulo, njingayo siyolowa nayo m'nkhalango, ndipo ngati fulemuyo ndi ya aluminiyamu musavutike n'kupita nayo kwa owotcherera mageti. Mukapanda kupeza mng'alu, zotsalazo ndi nkhani ya mpweya, tcheni ndi mabuleki. Komanso dziwani kuti nkhalango ndi gombe la nyanja zimafuna kakonzedwe kosiyana, ngakhale njinga ikhale yomweyo.

Tiyambe ndi tayala. Chubu chikaphwa musamangochimata n'kuchibwezera. Chipopeni, muchiviike m'beseni la madzi, muone pamene pakutuluka thovu, chifukwa malo a bowo ndi amene amaulula cholakwika. Bowo limodzi laling'ono kumsana kwa chubu ndi munga, ndipo nthawi zambiri mungawo umakhala ukadali m'tayala. Yendetsani kansalu m'kati monse mwa tayalalo, kakakodwa ndiye kuti mwaupeza. Mukausiya, chubu chatsopano chiphwanso musanafike patali. Bowo likakhala kumimba kwa chubu, mbali yogona pa limu, ndiye kuti lamba wophimba mitu ya masipoko wang'ambika kapena wasuntha. Chubu chikang'ambika m'tsinde mwa valavu, tayala limatsetsereka pa limu chifukwa chopalasa mpweya uli wochepa kwambiri. Koma mukapeza timabowo tiwiri toyandikana ngati molumidwa ndi njoka, chubu chinapanidwa pakati pa limu ndi mwala. Poti lanu ndi lakumbuyo, kumene kumakhala kulemera kwambiri, ndikukayikira munga wotsalira kapena kupanidwaku.

Mankhwala ake ndi kuyeza mpweya ndi geji, osati kutsina tayala ndi chala. Munthu wolemera makilogalamu 70, pa matayala a 26 x 2.1 (kukula ndi kunenepa kwake m'mainchesi) okhala ndi chubu, ayambe ndi 28 mpaka 30 psi (muyezo wa mpweya umene umaoneka pa geji) kutsogolo ndi 32 mpaka 35 psi kumbuyo. Wolemera kuposa apo awonjezere 2 kapena 3 psi pa makilogalamu 10 aliwonse. Ambiri akatopa n'kuphwa amapopa mpaka 50 kapena 60 psi. Pa phula la mu tauni palibe vuto, koma pamizu ndi pansangalabwi tayala lolimba chotero limangodumphadumpha, siligwira pansi, ndipo pokhota limakutayani. Ngati valavu yanu ndi yonenepa yofanana ndi ya galimoto, mutha kuyezetsa pamalo omwetsera mafuta mpaka chala chanu chitazolowera mmene 30 psi imamvekera.

Kumata nakonso kuli ndi malamulo ake. Palani pozungulira bowo ndi sandipepa, malo okulirapo kuposa chigamba. Pakani guluu wochepa kwambiri, mum'siye mphindi zisanu mpaka asiye kunyezimira, kenako ikani chigamba n'kuchikanikiza mwamphamvu. Chigamba choikidwa pa guluu wosauma chimamatuka dzuwa likatentha. Pobwezera, ikani kampweya pang'ono m'chubu kuti chisapindike, ndipo mbali yomaliza ya tayala muilowetse ndi manja. Sikuludiraiva ndi sipuni zaboola machubu ambiri. Ngati muli ndi chubu cha valavu yomasuka m'kati, thiranimo mamililita 60 mpaka 90 a madzi apadera otseka mabowo, amathandiza kwambiri paminga ya mthethe, ngakhale sachita kanthu pa chubu chopanidwa. Yang'ananinso m'mbali mwa matayala. Njinga zapakaunjika zimabwera ndi matayala a mano abwinobwino koma labala yake itauma n'kusweka. Ulusi ukayamba kuoneka, tayalalo latha ntchito.

Tsopano tcheni. Magiya 21 ndiye kuti kutsogolo kuli atatu, kumbuyo asanu ndi awiri. Kugwa kwa tcheni pachikweza kumachokera ku zinthu zitatu, ndipo choyamba si cha njinga, ndi cha mwini wake. Giya sasintha uku ukuponda pedulo ndi mphamvu zonse pakati pa chitunda. Sinthani musanafike, tsikirani pa giya yaing'ono yakutsogolo mukadali ndi liwiro, ndipo nthawi yosinthayo miyendo izingozungulira mopepuka. Pewaninso kuphatikiza yaikulu yakutsogolo ndi yaikulu yakumbuyo, kapena yaing'ono ndi yaing'ono, chifukwa tcheni chimayenda chopingasa n'kumadya mano.

Chachiwiri ndi timasikuluwu tiwiri tolembedwa H ndi L timene tili pa derailleur iliyonse, kachipangizo kamene kamasuntha tcheni kuchoka pa giya ina kupita pa ina. Ntchito yake ndi kuika malire pamene tcheni chiyenera kulekezera. Ngati chimagwera m'kati, chakufulemu, mukamatsikira pa giya yaing'ono yakutsogolo, ikani tcheni pa yaing'ono yakutsogolo ndi yaikulu yakumbuyo, muzimanga L wakutsogolo pang'onopang'ono, kota ya kuzungulira nthawi imodzi, mpaka pakati pa tcheni ndi chitsulo cham'kati patsale mpata wa milimita imodzi. L wakumbuyo ndi amene amaletsa tcheni kulumphira m'masipoko, ngozi imene imathyola derailleur ndi masipoko nthawi imodzi. Musanakhudze masikuluwu akumbuyowo, imani kumbuyo kwa njinga muone ngati timagudumu tiwiri ta derailleur tili mzere umodzi woongoka pansi pa giya. Tikapendekera kumasipoko, kachitsulo kolumikiza derailleur ku fulemu kapindika, zimene zimachitika njinga ikagwera kumanja kapena ikapanikizika m'kontena. Kawongoleni kaye, apo ayi mudzapotokola masikuluwu mpaka dzuwa kulowa osaphula kanthu.

Chachitatu ndi kutha kwa tcheni. Tengani rula ya mainchesi, muike 0 pakati pa kamsomali kamodzi ka tcheni. Pa tcheni chatsopano, kamsomali kena kamagwera ndendende pa mainchesi 12. Kakapitirira ndi milimita imodzi ndi theka, gulani tcheni china. Kakapitirira ndi mamilimita atatu, mano a kumbuyo nawonso atha, ndipo tcheni chatsopano chizingolumpha pamenepo mukaponda mwamphamvu, choncho zisinthireni limodzi. Pogula nenani kuti mukufuna cha magiya 7. Cha 6, 7 ndi 8 n'chimodzi, koma cha njinga za kabaza zopanda magiya n'chonenepa, sichilowa. Pomwepo gwedezani wilo lakumbuyo uku ndi uku, mulizunguzenso. Njinga zambiri za magiya 21 zili ndi fuliwilo (mulu wa magiya akumbuyo) yomangira pa habu, chitsulo chapakati pa wilo, ndipo ekiselo yake imakonda kupindika kapena kuthyoka mbali ya magiya ikamenyedwamenyedwa pamiyala.

Pa mabuleki, yambani n'kudziwa dzanja limene likugwira wilo lakutsogolo. Njinga zochokera ku Britain ndi ku Japan buleki yakutsogolo imakhala kumanja, zochokera ku America ndi maiko ambiri a ku Ulaya imakhala kumanzere, ndipo pakaunjika zonsezi zimasakanikirana. Malabala a buleki akhale mamilimita awiri kuchokera pa limu, agunde limu yokhayokha osakhudza tayala, ndipo mizere yake ikafafanizika asinthidwe. Chogwirira chikamafika pa handulo musanaime, kokani waya. Waya wadzimbiri kapena woyamba kuyoyoka ndi wotchipa, musamunyengerere. Chishalo chikwezeni mpaka mwendo uwongoke chidendene chili pa pedulo yapansi, koma osapitirira mzere wochenjeza umene uli pa chitsulo chake.

Dzalanyama ili pafupifupi makilomita 60 kumwera chakumadzulo kwa mzinda wa Lilongwe, m'malire ndi Mozambique. Inakhazikitsidwa kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1922, ndipo mtsinje wa Lilongwe, umene umadzaza madamu a Kamuzu ku Malingunde kumene munayesera njinga kuja, umachokera m'mapiri ake. Imayang'aniridwa ndi Dipatimenti ya Zankhalango, choncho dzionetsereni kwa alonda polowa, muwauze njira imene mukulowera ndi nthawi yotuluka. Ulendo woyamba musanyamuke pa njinga kuchokera ku Area 25. Msewu wafumbi wokha ukumalizani musanaone mtengo wa mombo. Ikwezeni pa galimoto, mukayambire kumeneko, ndipo konzani makilomita 15 mpaka 20 basi. M'nkhalango munthu woyamba kumene amayenda makilomita 8 kapena 10 pa ola, pamene pa phula amaposa 18. M'miyezi yozizira dzuwa limalowa cha m'ma 5:30, ndipo pansi pa mitengo mdima umafulumira.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, pansi patauma, kunja kukuzizira. Seputembala ndi Okutobala kumatentha ndipo ndi nthawi ya moto wolusa. Mukaona utsi kutsogolo, bwererani, osayesa kuudutsa, ndipo kumbukirani kuti moto umathamanga kwambiri pokwera phiri. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, katondo amaterera ndipo dothi lamakande la m'madambo limamatirira pa tayala mpaka wilo kukana kuzungulira pakati pa mabuleki. Zikatero musakakamize pedulo, mudzathyola derailleur. Tsikani, mukokolole matopewo ndi kamtengo.

Njira za m'menemo ndi za mitundu iwiri. Pali misewu yakale ya zankhalango, yotakata koma yodyeka ndi madzi, ndipo pali tinjira ta anthu otola nkhuni, bowa ndi masuku. M'misewu yodyekayo mdani ndi ngalande yoyenda motsatira msewu. Wilo lakutsogolo likalowamo musalimbane nalo kuti lituluke, chepetsani liwiro mutsatire ngalandeyo mpaka pamene yaphwa. Ngalande yopingasa ndi muzu muziwoloke molunjika, osati chammbali, mutasiya mabuleki ndipo mutapepula kutsogolo pang'ono. M'tinjira ting'onoting'ono chenjerani ndi zitsa zimene odula mitengo amasiya, zotalika kufika m'kakolo, zobisika m'udzu ndi m'masamba ouma. Chitsa chikakola pedulo yapansi, munthu amauluka. N'chifukwa chake mukasiya kupalasa mapedulo azikhala mopingasa, limodzi kutsogolo lina kumbuyo, osati limodzi pansi. Maso aziyang'ana mamita asanu kapena khumi kutsogolo, pamene mukufuna kudutsa. Mukayang'anitsitsa mwala, njinga imalunjika pamwalapo.

Potsetsereka tsitsani chishalo ndi masentimita asanu kapena kuposa, muimirire pa mapedulo, mawondo ndi zigongono zopindika, chiuno chakumbuyo pang'ono. Gwirani mabuleki onse awiri mofinya pang'onopang'ono. Ambiri amaopa yakutsogolo n'kumadalira yakumbuyo yokha, koma yakumbuyoyo imangokhulula tayala pafumbi, yoimitsa njinga kwenikweni ndi yakutsogolo. Liwiro muchepetse musanalowe pokhota, muli pokhotapo muisiye. Pokwera chitunda cha nsangalabwi khalani pansi, musunthire kumphuno kwa chishalo, chifuwa chitsikire ku handulo. Mukaimirira, tayala lakumbuyo limapepuka n'kuyamba kupala pansi. Malo akakukayikitsani, tsikani muikankhe. Chisoti cholimba chisachoke kumutu, chomangidwa mpaka pansi pa chibwano patsale mpata wa zala ziwiri.

Simuli nokha m'njirazo. Mudzakumana ndi njinga zosenza matumba a makala kapena milu ya nkhuni yotalika kuposa mwini wake, zikutsetsereka ndi mabuleki osadalirika. Wopatuka ndinu, ndipo musawajambule. M'midzi yozungulira nkhalango, kachitsamba ka mitengo yowirira kamene katsala kokha pakati pa minda kawirikawiri ndi manda, ndipo kwa Achewa kumeneko kumakhalanso dambwe. Kanjira kolowera mmenemo si kachidule. Mukakumana ndi Gule Wamkulu panjira, tsikani pa njinga, mupatuke, foni ikhale m'thumba, ndipo ndi bwino kukhala ndi kandalama kochepa pafupi. Pa bwalo la nyumba ya munthu kapena pamene pali maliro, njinga amaiyendetsa chokankha. M'chilimwe samalaninso ndi chitedze cholendewera m'mbali mwa mitsinje, malaya a manja aatali amathandiza. Njoka ikaluma munthu, musamange chingwe kapena kutema pabalapo, mwendo usagwedezeke, mum'nyamule kupita kuchipatala, osamulola kupalasa.

Foni imasowa netiweki malo ambiri, choncho pitani awiri kapena atatu, mapu mutawasungiratu m'foni, ndipo wina kunyumba adziwe nthawi yoyamba kukufunani. M'kachikwama mukhale chubu chimodzi kapena ziwiri, zigamba ndi guluu wosauma m'katini yake, pampu imene mwaiyesa pa valavu yanu, zochotsera tayala zapulasitiki, ma Allen key a 4, 5 ndi 6, sipanala ya 15 ngati mawilo ndi omanga ndi manati, chodulira tcheni ndi kolumikizira kake. Madzi muwerengere theka la lita mpaka mamililita 750 pa ola. Kukatentha, botolo limodzi likhale la Thanzi ORS, kapena lita imodzi ya madzi yothira masipuni aang'ono asanu ndi limodzi a shuga ndi theka la sipuni yaing'ono ya mchere. Nthochi, mtedza wokazinga ndi mbatata yophika zikukwanirani, muzidya pang'ono ola lililonse njala isanayambe.

Kunyanja nkhani imasintha. Senga Bay ili pafupifupi makilomita 20 kupitirira Salima, ndipo msewu wa M14 umatsika kuchoka pa mamita opitirira 1,000 a ku Lilongwe kufika pansi pa 500. Kumeneko kumatentha kwambiri, yambani dzuwa likungotuluka, pofika 10 koloko mukhale mutamaliza. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, choncho popita lunjikani kumwera moyang'anizana nawo mudakali ndi mphamvu, pobwera ukukankheni.

Mumchenga tayala limafunika kuyandama, ndiye mpweya uchepe. Tsitsani kufika pa 20 kapena 22 psi kutsogolo ndi 24 kumbuyo. Koma mpweya umenewu ndi wa mchenga wokha. Mukabwerera pa msewu wamiyala kapena pafupi ndi matanthwe a m'mapiri a Senga, popaninso, apo ayi timabowo tiwiri tija tibweranso. Lowani mumchenga muli ndi kaliwiro, giya yopepuka mutaisankhiratu, mukhale pa chishalo chakumbuyo, miyendo izizungulira mosadukiza. Handulo muigwire momasuka, wilo lakutsogolo lizisewera lokha. Mukalikhotetsa mwadzidzidzi kapena kugwira buleki yakutsogolo, limalima mchenga, inu n'kudutsa pamwamba. Tinene zoona, matayala a 2.1 sangayende mtunda wautali mumchenga wouma wakuya, ngakhale wopalasa akhale katswiri. Funani mzere wonyowa pamene mafunde angobwerera kumene, kapena tinjira tolimba ta m'midzi ya asodzi kumtunda kwa gombe. Ngati mukufuna kuzolowera kaye, ku Kuti Wildlife Reserve pafupi ndi Salima amalola njinga, ndipo malo ake ndi achidikha.

Pamzere wonyowawo mawilo asalowe m'madzi kufika pa habu. Nyanja yathu ilibe mchere, choncho dzimbiri si vuto lalikulu, koma madzi osakanikirana ndi mchenga akalowa m'mabelingi amawapera. Pamadooko pamakhala makoka oyanikidwa pansi, zingwe za mabwato ndi matandala a usipa. Tsikani muzungulire, chifukwa ukonde ukakodwa m'magiya mlandu wake ndi wokwera mtengo. Mathiriro a mitsinje ndi m'mabango ndi malo a ng'ona ndi mvuu, ndiponso madzi osayenda a m'bango amakhala ndi likodzo, ndiye si powolokera kapena kutsukira njinga.

Mafuta a tcheni ndi pamene ambiri amaonongera njinga kunyanja. Oilo wakuda wotsala m'injini ya galimoto amakoka mchenga, ndipo phala limene limapangika limadya tcheni ndi mano m'masiku ochepa. Musanapite, tsukani tcheni ndi palafini ndi kamswachi kakale, chiume, kenako donthezani kadontho kamodzi ka mafuta opepuka pa mfundo iliyonse. Zunguzani mapedulo chobwerera kangapo, mudikire mphindi khumi, mupukute kunja konse ndi nsanza mpaka chioneke chouma. Mafuta amagwira ntchito m'kati mwa timagudumu ta tcheni, akunjawo amangoitana fumbi. Mafuta olemera asungireni nyengo ya mvula. Samalani asadonthere pa limu.

Mukabwerako itsukeni tsiku lomwelo ndi ndowa, sopo ndi burashi. Paipi yamphamvu ya kotsukitsira magalimoto imakankhira mchenga ndi madzi m'kati mwa habu ndi m'khosi. Pukutani malimu, muchotse timchenga tolowa m'malabala a buleki ndi nsonga ya mpeni, chifukwa timeneto timakumba limu mpaka kupyapyala. Kenako tembenuzani njinga, muzunguze wilo lililonse khutu lili pafupi ndi habu. Mukamva kukhuluza, ifunika kutsegula. Mahabu ambiri a njinga zamtunduwu amakhala ndi timipira 9 mbali iliyonse kumbuyo ndi 10 tocheperako mbali iliyonse kutsogolo, muwerenge potulutsa kuti tisasowe. Tsukani ndi palafini, muike girizi watsopano, ndipo pomanga wilo lizizungulira momasuka koma lisagwedere mukalikankha chammbali.